Chubu cha Apongozi

Ndine namwino, ndipo ndimagwira ntchito m'chipinda chimene pachipatala pathu amangochitchula kuti "ku kamera". Muli bedi lopapatiza, TV yopachika pakhoma, makina oyamwa malovu, ndi kabati ya magalasi momwe timapachikamo mapaipi akuda okhala ndi kamera ndi kagetsi kunsonga. Paipiyo timamumezetsa wodwala kuti adokotala aone m'mimba. Ntchito ina imene timagwira ndi yoika chubu chodyetsera. Munthu amene sakuthanso kumeza timamuboola pamimba, chubu n'kulowa mpaka m'chifu, chakudya chizidzera pamenepo.

Adokotala amaimapo kanthawi kochepa, kenako avula magolovesi, ulendo. Zotsalazo n'zathu anamwino. Ndife timafotokozera wodwala zimene zichitike, timaonetsetsa kuti sanadye kanthu, timamuyang'anira kapumidwe ntchito ili mkati, timasamala balalo akadzuka, ndipo pomaliza timaphunzitsa achibale kadyetsedwe kake. Kuboolako si nkhani. Nkhani imayamba wodwala akafika kunyumba, chifukwa chubu chimafuna munthu m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo sichidziwa Lamlungu.

Apongozi anga aamuna anali ophika buledi. Anali chimunthu cha mawu aakulu, manja ngati mafosholo, ndipo bekale yawo anaiyamba ndi uvuni umodzi kuseri kwa nyumba. Dzina langa sanalitchulepo. Ankangoti Anesi. Tsiku limene mwana wawo anakandionetsa kwawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Ndiye wapeza wa kuchipatala? Chabwino, tikadzadwala tili ndi potsamira." Onse anaseka, inenso ndinaseka.

Sitiroko inawagwetsa m'mawa wina pafupi ndi uvuni, thireyi ya mabanzi ili m'manja. Mbali yakumanja inafa, mawu anatsala owerengeka, kumeza kunatheratu. Madzi a pasupuni ankawatsamwa mpaka maso kufiira. Anawaika kachubu ka m'mphuno, koma ankakasolola ndi dzanja lamanzere lija nthawi iliyonse anamwino a kuwodi akatembenuka. Adokotala anati njira yotsala ndi chubu cha pamimba.

Ana awo ndi atatu. Alamu akulu ndiwo amayendetsa bekale, mwamuna wanga ndi wachiwiri, ndipo wotsiriza ndi wamkazi, amene tonse timangomuti Mzime. Mayi awo anamwalira kalekale. Atatuwa anandipeza pakhonde la wodi ndikuchokera ku kamera.

"Mlamu, mwayi wathu ndi inu," anatero alamu akulu. "Zimenezi ndi za kwanu komwe. Tiuzeni posaina, tisaine, achite mawa."

"Eni ake avomera?"

"Eni ake ati? Bambo sakuyankhula."

"Sakuyankhula, koma akumva. Mimbayo ndi yawo."

Mzime anayamba kulira pomwepo. "Ndiye mukufuna afe ndi njala? Inu nesi wathunthu?"

Mwamuna wanga anangoyang'ana foni.

Ndinakatenga chubu chimene timaonetsera odwala, ndinalowa m'wodi n'kutseka katani. Apongozi anali atatembenukira kukhoma, malovu akutsikira papilo. Ndinawapukuta, n'kuika dzanja langa m'dzanja lawo lamoyo lija.

"Bambo, ndabwera ngati nesi. Ngati mukundimva, mufinye."

Anafinya. Ndinawaonetsa chubucho, ndinawalozera pamimba pomwe chidzatulukire, ndinawauza kuti adzagonetsedwa pang'ono, ndi kuti chakudya sichidzadutsanso pakamwa pokhapokha kumeza kutabwerera, ndipo mwina sikubwerera. Sindinawanamize kalikonse. Nditawafunsa ngati akufuna, mlomo unagwedera kwa kanthawi, kenako mawu anatuluka.

"Ayi."

"Mukuopa ululu?" Dzanja linangokhala. "Mwatopa ndi moyo, mukufuna tikusiyeni?" Linangokhalabe. Kenako analisolola m'dzanja langa, analoza mimba yawo, n'kuloza ine.

"Inu… ayi."

Ndinamvetsa. Sankakana chubu. Ankakana zoti mkazi wa mwana wawo aziwavundukula malaya tsiku ndi tsiku. Munthu amene moyo wake wonse ankadyetsa anthu sankafuna kudyetsedwa ndi mpongozi. Pansi pa katani pankaoneka nsapato za ana awo atatu, ndipo analoza kumeneko.

"Mukufuna ana anu ndiwo azikudyetsani?"

Anafinya mpaka mphete inandilowa m'chala.

Ndinawaitana onse atatu n'kuwauza mmene zinalili. Alamu akulu anagwira phazi la bambo awo pamwamba pa bulangeti. "Bambo, mutu umodzi susenza denga. Tilipo atatu, tizisinthana. Kwa ine muzikhala mwezi, kwa mng'ono wangayu mwezi." Mwamuna wanga anati ofesi yake ili pafupi, masana onse ndi ake. Mzime analumbira kuti Loweruka ndi Lamlungu sadzaphonya. Apongozi anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako anafinya dzanja langa kuti avomera.

Mwalamulo sindinayenere kukhalamo tsiku loika chubu. Koma mnzathu wina anali pa tchuthi cha uchembere, tinatsala awiri. Asisitala aakulu anandikokera pambali. "Ukhala kumutu, pamimba ndikhala ine. Ukayamba kuyang'ana ngati mpongozi, utuluke."

Ndinawavula mano oikirira n'kuwaika m'kapu. Nkhope yonse inafota, chimunthu chija n'kusanduka kankhalamba. Ndinawafayira mankhwala ochititsa dzanzi kummero, ndinawalumitsa kapulasitiki kuti asalume paipi, n'kuwapanitsa kamakina koyezera mpweya pachala. Mankhwala ogonetsa atalowa, adokotala anatsitsa paipi ya kamera. Ine ndinagwira chibwano, kwinaku ndikuyamwa malovu ndi makina, maso ali pa manambala a mpweya. Asisitala anazimitsa magetsi. Kagetsi ka kamera kanawala kuchokera m'kati mwa mimba, kofiira ngati khala la moto pansi pa khungu. Adokotala anadinikiza chala pamenepo, anabaya, anadutsitsa kachingwe kamene anakakokera kukamwa, anamangirira chubu, n'kuchikoka kutsika mpaka chinatulukira pamimba. Msozi umodzi unatsika kulowera kukhutu kwa apongozi. Odwala ambiri amatero, paipi ndiyo imachititsa. Ndinaupukuta ndi thonje.

"Zayenda bwino," anatero adokotala, akuvula magolovesi.

Mawa lake ndinaika mipando itatu pafupi ndi bedi. Ndinabweretsa sirinji yaikulu, madzi owiritsa, thonje, ndi chakudya chamadzimadzi chosefa. Ndinayamba monga ndimayambira kwa aliyense. Wodwala mumukhazike kaye tsonga, musamudyetse atagona. Mulowetse madzi pang'ono, kenako chakudya, mosathamanga. Mukamaliza, madzi enanso kuti chubu chitsukike, apo ayi chitseka. Mapiritsi muwapere mpaka asanduke ufa. Pabala muzipukuta, pazikhala pouma. Pakamwa ayi, ngakhale dontho, chifukwa likalowa m'mapapo ndi chibayo.

Ndisanafike pakati, foni ya alamu akulu inalira. Anati galimoto ya ufa yafika ku bekale, anatuluka. Mzime atangoona bala anagwira pamphumi, akuti chizungulire, n'kukakhala panja. Mwamuna wanga anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

"Gwirani sirinjiyi," ndinatero.

"Pitiriza, ndikujambula kuti tonse tiziwonera kunyumba."

"Dzanja siliphunzira poonera. Gwirani."

Anaigwira ngati wagwira njoka kumchira, anakankha kamodzi mwamphamvu, bambo ake n'kubuula. Anandibwezera msanga. "Waona? Iwe uli ndi dzanja lake."

Tsiku lotuluka, nyumba ya alamu akulu inapezeka kuti ili ndi masitepe ambiri. Mzime amakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi. Ife tinali ndi chipinda cha mwana wathu wamkazi, amene ali kusukulu yogonera komweko. "Sabata yoyamba yokha, mlamu, mpaka bala lipole," anatero alamu akulu akutsitsa matiresi m'galimoto ya bekale.

M'mawa woyamba ndinamudzutsa mwamuna wanga. Anati wachedwa kale kuntchito, ayamba masana. Ndinalowa ndekha ndi sirinji. Apongozi atandiona pakhomo anayang'ana kumbuyo kwanga, kudikira kuti mwina kukubwera wina. Kunalibe. Anatembenuzira nkhope kukhoma n'kutseka maso. Ndinawafunditsa thawulo pachifuwa ndi lina pansi pa mchombo kuti pangooneka chubu chokha, n'kuwadyetsa. Umu ndi mmene tinkachitira tsiku lililonse. Iwo kukhoma, ine ku sirinji.

Masana mwamuna wanga anabweradi masiku angapo. Kenako ku ofesi kunayamba misonkhano. Ndinayamba kuthamanga nthawi yopuma, kukwera basi ndi yunifolomu, kudyetsa, kutsuka chubu, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, n'kubwerera ndikudya nthochi m'njira. Asisitala anandichenjeza kawiri za kuchedwa. Kachitatu anangondiyang'ana n'kundipatsa theka la chakudya chawo.

Sabata ija inasanduka miyezi. Alamu akulu ankabwera Lamlungu atanyamula buledi wotentha wa ku bekale. Fungo linkadzaza nyumba yonse mpaka kuchipinda kwa wodwala. Ndinawapempha kuti asamabweretse. "Ah, mlamu, tibwere chimanjamanja?" Ankaima pakhomo la chipinda, n'kukuwa ngati bambo awo ndi ogontha, "Mukuoneka bwino, bambo! Mwanenepa!" Kenako ankakhala pabalaza n'kumaonera mpira ndi mng'ono wawo. Mzime ankabwera n'kuwaimbira nyimbo, kuwapesa tsitsi, kulira pang'ono, koma nthawi yodyetsa ikakwana ankakumbukira kuti wasiya zovala pachingwe.

Sindinganene kuti ine ndi apongozi tinayamba kukondana. Tinangozolowerana. Ndikafulumiza sirinji ankagogoda bedi ndi chala. Ndikawapukuta milomo ndi thonje lonyowa ankaliyamwa mobera, ine n'kumachita ngati sindikuona. Tsiku lina ndinalowa ndi chidutswa cha buledi wa m'sitolo m'manja, ndikudya mothamanga. Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa, ndili tcheru kuti asachiike pakamwa. Anachifinya, anachinunkhiza, n'kuchiponya pansi.

"Ayi," anatero, monyansidwa kwenikweni.

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi. Iwonso mbali yamoyo ya mlomo inakwera. Tsiku limenelo sanatembenukire kukhoma.

Kenako mayi anga, amene amakhala okha kutali, anaterereka kubafa n'kuthyoka mwendo m'chiuno. Ndine mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, ndipo mchimwene wanga ali kunja. Ndinapempha tchuthi, ndinaitana atatu aja, n'kuwaimika mozungulira bedi. Ulendo uno panalibe wotuluka. Aliyense ndinamugwiritsa sirinji, aliyense anadyetsa ine ndikuona. Ndinabwereza za madzi otsukira, za mapiritsi, za pakamwa.

"Chubu chikavuta, musalimbane nacho. Mundiimbire, kapena mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo."

"Pitani ndi mtima umodzi, mlamu," anatero alamu akulu. "Si ife ana."

Ndili kwa mayi ndinkaimba m'mawa ndi madzulo. Mwamuna wanga ankangoti zonse zili bwino, ndisamale mayi. Nditamupempha kuti aike foni pakhutu pa bambo ake, anati agona.

Ndinabwerera mayi atachitidwa opaleshoni, nditawasiya m'manja mwa mnansi wawo. Ndinamva kapumidwe ka apongozi ndili pakhomo la chipinda, chikwama chikadali paphewa. Pachifuwa pankalira ngati madzi akuwira. Thupi linali moto, milomo yachita mbuu. Ndinavundukula malaya. Chubu chinali gwa, m'kati mwadzaza phala louma ndi tizidutswa ta mapiritsi.

"Chatseka liti?"

Mwamuna wanga anakanda m'mutu. "Mawa lake utangochoka. Ndinakankha, osalowa. Achimwene anati tidikire ubwere, ndiwe ukudziwa."

"Bwanji osandiuza?"

"Unali ndi mavuto ako. Komanso ukanakalipa."

"Ndiye masiku onsewa akhala akudya chiyani?"

Mzime anali atatsamira chitseko. "Amalira njala, mlamu. Amaloza pakamwa. Ndinawanyikira buledi mu tiyi, pang'ono pokha, pasupuni." Anayamba kusisima. "Mukanawaona! Anatseka maso, anamwetulira. Chigwereni sindinawaonepo akusangalala choncho. Amatsokomola, inde, koma amafunanso wina."

Ndinafuna kumumenya mbama. Ndinafunanso kumufunsa kuti anamwetulira bwanji. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinangoti, "Itanani galimoto."

Kuchipatala chubu tinachisintha mosavuta, koma mapapo onse awiri anali atadzaza. Anawaika pa mpweya ndi pa mankhwala amphamvu. Ndinkawazonda ndikapeza mpata. Sanatsegulenso maso. Anatisiya masana ena ine ndili ku kamera, nditagwira chibwano cha munthu wina. Asisitala anadikira mpaka timalize, n'kundiuza ndikusamba m'manja.

Pamaliro, mchimwene wa malemu anaimirira n'kuyamikira ana atatuwa, amene anasamalira bambo awo usiku ndi usana osatopa. Alamu akulu anagwedeza mutu, akupukuta maso. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka makapu. Azimayi awiri a kubanja kwawo anali kuseri kwa zenera, ndipo sanadziwe kuti ndilipo, kapena anadziwa.

"Nyumba yokhala ndi nesi, munthu n'kufa ndi njala?"

"Akuti anawasiya n'kupita kwawo."

"Magazi ndi magazi, mayi. Akanakhala bambo ake omubereka sakanachoka."

Ndinatsiriza makapuwo, ndinawapukuta, n'kuwasanja.

Anthu atabalalika, ndinayamba kukonza chipinda chija. Ndinachotsa pulasitiki ya pamatiresi, ndinasonkhanitsa masirinji ndi thonje lotsala kuti ndikapereke kuwodi. Mwamuna wanga anabwera n'kuima pakhomo.

"Anthu akuyankhula zambiri," anatero.

"Ndawamva."

"Ine sindikuti ndiwe wolakwa. Kungoti… ukanapanda kupita, bwenzi bambo alipo."

Ndinasiya kupinda nsalu. "Mwawauza anthuwo kuti chubu chinatseka m'manja mwa ndani?"

"Ndiye ukufuna ndikaime pagulu ndizinena mlongo wanga? Mwana uja sakugona ndi chisoni."

"Sindikunena za Mzime."

Kenako anati, "Iwe ndi nesi. Ife sitinaphunzire zimenezi."

"Ndinakuphunzitsani. Kawiri."

Anatuluka. Patapita kanthawi ndinamva TV ikulira pabalaza.

Kumapeto kwa mwezi umenewo ndinabwereka galimoto ya mnzanga n'kukatenga mayi anga. Sindinapemphe aliyense. Ndinawalowetsa m'chipinda chomwecho, ndi ndodo zawo zoyendera ndi wailesi yawo yaing'ono. Mwamuna wanga atabwera kuntchito anawapeza atakhala pabedi akusoka batani. Anawapatsa moni mwaulemu, anawafunsa za mwendo, n'kunditsatira kukhitchini. Anatsegula pakamwa, ine n'kumuyang'ana. Anatenga kapu, anamwa madzi, n'kubwerera.

Alamu akulu sanapondenso pakhomo pathu. Mzime amanditumizira mavesi pafoni, ndipo sindiyankha. Ine ndi mwamuna wanga tikadali m'nyumba imodzi. Timakambirana za magetsi, za sukulu ya mwana, za mpopi umene ukudontha. Mayi anga tsopano amafika okha pakhonde kukaothera dzuwa, ndipo akuti mwendo ukalimba abwerera kwawo. Ndawauza kuti asafulumire.